Mbava zikakwana 36: mbiri ya liwu lakale loti here

Cha m'ma 690, mfumu ya ku Wessex, kumwera kwa dziko limene lero timalitcha England, inakhazikitsa malamulo ake. Dzina la mfumuyo linali Ine. Ndi dzina lake lenileni limenelo, musaganize kuti ndikudzinena ndekha. Limodzi mwa malamulo a Ine linkawerenga anthu ngati mmene mphunzitsi amawerengera ana m'kalasi. Amuna okalanda katundu wa eni akakhala osapitirira 7, lamulo linkawatcha mbava. Kuyambira 7 kufikira 35 linkawatcha *hloth*, kutanthauza gulu la achifwamba. Akapitirira pamenepo dzina linkasintha, ankakhala *here*. Mukatsegula buku lotanthauzira Chingerezi chakale, mupeza kuti *here* ndi gulu lankhondo.

Ndiye kuti pamaso pa lamulo limeneli, chosiyanitsa achifwamba ndi gulu lankhondo chinali munthu mmodzi, wa nambala 36. Ntchito ndi yomweyo, zida ndi zomwezo, ng'ombe zobedwa ndi zomwezo. Chasintha ndi chiwerengero basi.

Liwuli lisakusokonezeni ndi *here* wa Chingerezi cha lero wotanthauza "pano". Ndi mawu awiri osiyana. Lakaleli linkatchulidwa m'zigawo ziwiri, he-re, pafupifupi mmene munthu wowerenga Chichewa angalitchulire atangoliona koyamba. Lero palibe Mngerezi amene amaligwiritsa ntchito palokha, koma ndikufuna tiliyende kuyambira kumene linachokera mpaka kumene linakathera. Chimene ndapeza pa ulendowu n'chakuti dzina limene anthu onyamula zida amapatsidwa limaulula kwambiri mbali imene wolemba waima, ndipo dzinalo likamatirira munthu limakhalitsa kuposa ntchito imene linabwera nayo.

Mawu awiri, gulu limodzi

*Here* ndi liwu lakale kuposa dziko la England. Linabwera pachilumbacho ndi Angles ndi Saxons pamene ankawoloka nyanja kuchokera kumpoto kwa Germany ndi ku Denmark m'zaka za m'ma 400. Abale ake akadalipo. Ajeremani amatcha asilikali awo a pamtunda *Heer*, a ku Denmark amati *hær*. M'Baibulo la chiyankhulo cha Gothic, lomasuliridwa m'zaka za m'ma 300, liwu lofanana nalo, *harjis*, ndi limene linaikidwa pa khamu la angelo lija la pa kubadwa kwa Yesu. Mu uthenga womwewo wa Luka linaikidwanso pa khamu la ziwanda zimene zinalowa mu nkhumba. Kuyambira kale liwuli linkatha kutumikira uku ndi uku.

Angerezi akale anali ndi liwu lachiwiri, *fyrd*. Ili linachokera ku mneni wotanthauza kuyenda, womwe unabalanso *fare* ndi *farewell*. Poyamba *fyrd* unali ulendo, kenako ulendo wa kunkhondo, kenako anthu amene mfumu yawaitana kuti ayende ulendowo. Kukana kuitanaku unali mlandu. Malamulo omwe aja a Ine amati munthu waudindo wokhala ndi malo akajomba alipire mashileni 120 ndipo alandidwe malowo, waudindo wopanda malo alipire 60, munthu wamba alipire 30.

Taonani mmene buku limodzi la malamulo likuchitira. Ukapezeka mu *here*, udziwombole ndi mtengo wa moyo wako wonse, umene kwa munthu wamba unali mashileni 200. Ukasowa mu *fyrd*, ulipire chindapusa. Magulu onse awiri ndi a amuna onyamula mikondo ndi zishango. Limodzi ndi mlandu kulowamo, linalo ndi mlandu kusalowamo, ndipo wogamula kuti ili ndi liti ndi mfumu.

Cholembera chili m'manja mwa yani

Kusiyana kwa mawu awiriwa kumaonekera bwino m'buku lotchedwa Anglo-Saxon Chronicle, kaundula wa zochitika chaka ndi chaka amene anayamba kusonkhanitsidwa cha m'ma 890, mu ulamuliro wa mfumu Alfred ya ku Wessex. Makope ake anatumizidwa kunyumba za amonke zosiyanasiyana, ndipo ku Peterborough anapitiriza kulembamo mpaka 1154. Zambiri zimene timadziwa za nkhondo za Angerezi ndi Maviking zimachokera m'buku limeneli.

Maviking anali atayamba kale kuvutitsa m'mbali mwa nyanja. Mu 793 anafunkha nyumba ya amonke ya ku Lindisfarne. Koma mu 865 kunafika gulu la mtundu wina, losabwerera kwawo nyengo yozizira ikayandikira. Chronicle inalitcha *micel here*, gulu lankhondo lalikulu. Linalanda mzinda wa York mu 866, linapha mfumu Edmund ya ku East Anglia mu 869, linathamangitsa mfumu ya ku Mercia mu 874. Kumayambiriro kwa 878 linadzidzimutsa Alfred ku Chippenham, iye n'kukabisala m'madambo a ku Athelney. Patapita miyezi yochepa anasonkhanitsa amuna a ku Somerset, Wiltshire ndi mbali ina ya Hampshire, n'kugonjetsa mtsogoleri wa Maviking, Guthrum, ku Edington.

M'nkhani yonseyi, wolemba akangoti *se here* safunikanso kutchula kuti ndi a kuti. Wowerenga akudziwa kale kuti ndi adani. Akati *fyrd*, ndi anyamata athu. Ichi n'chifukwa chake omasulira ena a masiku ano, pofuna kuti wowerenga asataye kusiyanaku, amamasulira *here* kuti gulu lofunkha, *fyrd* n'kuisiya ngati gulu lankhondo la dziko.

Kusiyana kwina kunalipodi, tisakane. Anthu a *fyrd* anali ndi minda ndi mabanja pafupi, ndipo munda sudikira kuti nkhondo ithe. Pofika 893 Alfred anali atagawa *fyrd* pawiri, theka kunkhondo, theka kumudzi, kusinthanasinthana. Ngakhale zinali choncho, chaka chomwecho gulu lina linazinga Maviking pa kachilumba ka mu mtsinje wa Colne, kenako masiku ake atakwana ndi kamba atatha, linangonyamuka kumapita kwawo. *Here* linalibe vuto limeneli chifukwa linkadya za m'nkhokwe za eni dziko.

Komabe malire a mawuwa sanali olimba ngati mmene mabuku a m'kalasi amaonetsera. Mu 875 Alfred yemweyo anapita panyanja kukamenyana ndi zombo 7 za Maviking, ndipo Chronicle imatcha gulu lake *sciphere*, *here* la pa zombo. Liwu lonyansa lija likalumikizidwa ndi lina, mfumu inkatha kulivala osachita manyazi.

Anali angati?

Wina anganene kuti iyi ndi mikangano ya anthu okonda mawu, yopanda ntchito. Koma liwu limodzili linagawanitsa akatswiri a mbiri yakale kwa zaka zambiri. Mu 1962 Peter Sawyer, m'buku lake la The Age of the Vikings, anatsutsa chithunzi cha makamu osawerengeka a Maviking. Mwa zifukwa zake panali lamulo lija la Ine. Ngati amuna 36 akukwana kutchedwa *here*, tikudziwa bwanji kuti *micel here* linali la anthu zikwi zambiri? Mwina linali la mazana chabe, ndipo amonke amene ankalemba, pokhala ozunzidwa, ankakuza nkhani. Mu 1979 Nicholas Brooks anayankha kuti gulu logwetsa maufumu atatu ndi kukhala m'dziko la eni zaka zoposa khumi liyenera kuti linali la zikwi.

Amene anathandiza kuweruza mlanduwu ndi ofukula za m'nthaka. Ku Torksey, m'mbali mwa mtsinje wa Trent, kumene gululi linagona nyengo yozizira ya 872 mpaka 873, Dawn Hadley ndi Julian Richards anapeza kuti msasa wake unali wa mahekitala pafupifupi 55. Malo otere sangakhale a anthu mazana awiri kapena atatu. Anapezakonso ndalama zasiliva za Aluya zodulidwadulidwa, timiyala toyezera kulemera kwa siliva, tizidutswa ta masewera a pa bolodi ndi zipangizo zopotera ulusi. Ku Repton, kumene linagona chaka chotsatira, manda amodzi anapezeka ndi mafupa a anthu osachepera 264, ndipo mwa iwo munali akazi.

Umboniwu ukukomera Brooks pa chiwerengero. Koma ukuonetsanso chinthu chimene liwu loti *here* linabisa. Msasawo unali ngati tauni yoyenda, ya amisiri, amalonda ndi mabanja. Wolemba wa ku Wessex anaona mikondo yokha, ndipo liwu lake linatiphunzitsa ifenso kuona mikondo yokha kwa zaka chikwi.

Dzina lokana kuchoka

Gawo la nkhaniyi limene limandikhudza kwambiri ndi la zimene zinachitika nkhondo itazizira. Chronicle yomweyo imanena kuti mu 876 mtsogoleri wina, Halfdan, anagawira anthu ake malo ku Northumbria, iwo n'kuyamba kulima ndi kudzidyetsa okha. Ena anagawana mbali ya Mercia mu 877. Guthrum anabatizidwa atagonja ku Edington, Alfred n'kukhala kholo lake la ubatizo, ndipo mu 880 anthu ake anakhazikika ku East Anglia. Anakwatira, anabereka, anatcha midzi mayina awo. Mayina ambiri othera ndi *-by*, monga Derby ndi Grimsby, ndi a nthawi imeneyo.

Patapita zaka pafupifupi 40, mwana wa Alfred, mfumu Edward, akulanda madera amenewa, Chronicle ikuwatchabe anthuwa *here*: *here* la ku Northampton, *here* la ku Leicester, *here* la ku Cambridge. Ambiri mwa iwo anabadwira komweko. Akatswiri ena amati mwina eni akewo ankadzitcha choncho, poti m'chiyankhulo chawo liwu lofanana nalo linkathanso kutanthauza khamu la anthu a dera limodzi. Zikhoza kutheka. Koma m'khutu la munthu wa ku Wessex liwulo linali ndi fungo limodzi lokha, ndipo linkathandiza kuti kulanda malo a anthuwa kumveke ngati kubweza zobedwa.

Cha m'ma 909 pali nkhani imene imandiseketsa ndi kundimvetsa chisoni nthawi imodzi. Edward anatumiza *fyrd* ya ku Wessex ndi ku Mercia kumpoto. Inakhalako masabata asanu, ikugwira anthu, ikulanda ziweto, ikupha. Mneni amene wolemba anagwiritsa ntchito pofotokoza zimenezi ndi *hergian*, wobadwa kuchokera ku *here*, wotanthauza kuchita zimene *here* limachita. Ndiye kuti m'chiganizo chimodzi, oyenda mtunda wautali kukaba ng'ombe ndi *fyrd*, ndipo okhala pakhomo pawo n'kuberedwa ndi *here*. Akuluakulu anati anyani sasekana zikundu, koma wolemba uyu anaseka ndithu, osatembenuka kudziyang'ana.

Tisaiwalenso kuti Angerezi enieniwo anafika pachilumbachi ngati alendo a mikondo. Malamulo a Ine amaika mtengo wa moyo wa eni nthaka akale, amene amawatcha *wealh*, pansi pa wa Mngerezi. Liwu limenelo linkatanthauza mlendo, pambuyo pake linayamba kutanthauzanso kapolo, ndipo ndi limene linabala dzina loti Wales. Obwera anatcha eni mudzi alendo.

Dzina lotere likakhalitsa limatha kufika poipa. Pa 13 November 1002 mfumu Æthelred inalamula kuti anthu a mtundu wa ku Denmark okhala mu England aphedwe. Ku Oxford ena anathawira m'tchalitchi cha St Frideswide, anthu a mumzindawo n'kuchiyatsa moto. Chikalata cha mfumu cha 1004 chimafotokoza zimenezi popanda kupepesa. Sindikunena kuti liwu ndi limene linayatsa motowo. Panali nkhondo yatsopano, mantha ndi ndale. Koma kupha mnansi kumaphweka ngati chiyankhulo chako chakhala chikukuuza kwa mibadwo kuti iye ndi gulu lankhondo limene langopumula.

Adani alembedwa ntchito

Mu ulamuliro wa Æthelred magulu atsopano a Maviking ankabwera chaka ndi chaka, ndipo njira imene boma linasankha inali yowalipira kuti achoke. Chronicle imatchula mapaundi 10,000 a siliva mu 991, Angerezi atagonja ku Maldon, ndipo pofika 1012 ndalamayo inali itakwera kufika 48,000. Chaka chomwecho Maviking oledzera anapha Ælfheah, bishopu wamkulu wa ku Canterbury, ku Greenwich, atakana kuti anthu ake amuwombole ndi ndalama. Zitatero mmodzi wa atsogoleri awo, Thorkell, anapita kwa Æthelred ndi zombo 45, n'kulonjeza kuteteza dziko ngati mfumu iziwadyetsa ndi kuwaveka.

Kuti awalipire, boma linakhazikitsa msonkho wa chaka ndi chaka wotchedwa *heregeld*, ndalama ya *here*. Liwu lija la pa mndandanda wa milandu tsopano linalowa m'kaundula wa msonkho. Anthu omwe dzulo ankawotcha midzi lero ndi antchito a mfumu, ndipo mlimi amene anawotcheredwa nyumba ndi amene akuwalipira. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu.

Mu 1016 Cnut wa ku Denmark anatenga ufumu wonse wa England, ndipo msonkhowo unapitirira. Mu 1041 anthu a ku Worcester anapha asilikali awiri a mfumu Harthacnut, mwana wa Cnut, amene anabwera kudzatolera msonkho. Mfumu inatumiza gulu lake kukafunkha chigawo chonsecho. Apa mfumu yodzozedwa ya England ikuchita *hergian* pa anthu ake omwe. Msonkhowu unathetsedwa mu 1051 ndi mfumu Edward the Confessor, utavutitsa anthu zaka pafupifupi 40.

Pofika nthawi imeneyi mpanda wa pakati pa mawu awiri aja unali utagwa. Mu 1066 mfumu Harold inadikira adani kugombe la kumwera ndi *fyrd* chilimwe chonse, koma pa 8 September chakudya chitatha inawabalalitsa kuti azipita kwawo, vuto lomwe lija la m'masiku a Alfred. Pa 25 September inagonjetsa mfumu Harald ya ku Norway ku Stamford Bridge. Pa 14 October inaphedwa ku Hastings ndi gulu la William wa ku Normandy. Kope limodzi la Chronicle, pofotokoza gulu limene Harold anasonkhanitsa kukamenya nkhondo yomalizayi, limalitcha *here*. Oteteza dziko la Angerezi pa tsiku lawo lotsiriza anatchedwa ndi dzina la adani a makolo awo, ndipo zikuoneka kuti wolembayo sanaonepo chachilendo.

*Fyrd* nayo inatha mochititsa manyazi. Mafumu a ku Normandy anapitiriza kuiitana akaifuna. Mu 1094, mu ulamuliro wa William wachiwiri, amuna amene Chronicle imati anali 20,000 anaitanidwa kuti akawoloke nyanja. Atafika ku Hastings, nduna ya mfumu, Ranulf Flambard, inawalanda mashileni 10 aliyense, ndalama ya kamba imene madera awo anawapatsa, n'kuwauza kuti abwerere kwawo. Udindo woteteza dziko unasanduka njira yotolera ndalama.

M'zaka mazana otsatira, Chifalansa cha olamulira atsopano chinabweretsa mawu ake. Loyamba linali *host*, lochokera ku liwu la Chilatini lotanthauza mdani. Kenako, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, kunabwera *army*, lotanthauza anthu opatsidwa zida. Ili ndi limene linapambana, mwina chifukwa silinena kuti zidazo ndi za yani. *Here* ndi *fyrd* anazimirira onse awiri.

Kumene linakabisala

Liwu likafa limasiya ana. Mneni uja *hergian* ndi amene lero ali *harry*, kusautsa munthu osamupatsa mpata. Owulutsa mpira m'Chingerezi amaligwiritsa ntchito wosewera akamapanikiza mnzake. Akatswiri a mbiri amaligwiritsanso ntchito pa zimene William anachita kumpoto kwa England m'nyengo yozizira ya 1069 mpaka 1070, pamene anawotcha midzi, mbewu ndi ziweto kuti athetse kuukira. Pofika 1086, kaundula wa malo wotchedwa Domesday Book ankasonyezabe midzi yambiri ya ku Yorkshire ngati mabwinja.

Mwana wina ndi *heriot*, kuchokera ku *heregeatu*, zida za nkhondo. Mbuye ankapatsa munthu wake zida, ndipo munthuyo akamwalira zidazo zinkabwerera. Malamulo a Cnut amati nduna yaikulu ikamwalira, mfumu ilandire akavalo 8, anayi okhala ndi zishalo, zipewa zachitsulo 4, malaya achitsulo 4, mikondo 8, zishango 8, malupanga 4 ndi golide. Patapita nthawi mwambowu unatsikira kwa alimi osauka amene sanapatsidwepo lupanga ndi wina aliyense. Bambo akamwalira, mwini malo ankabwera kudzatenga chiweto chabwino koposa pakhomopo, maliro asanaiwalike. Zotsalira za mwambo umenewu zinathetsedwa ndi lamulo la malo la 1922.

Koma mwana wodabwitsa kwambiri ndi *harbour*, doko. Linachokera ku *herebeorg*, pobisalira gulu lankhondo. Kenako linatanthauza malo alionse ogona alendo, ndipo pomaliza malo amene zombo zimapumulira mphepo ikavuta. Muzu womwewo, kudzera m'ziyankhulo zina, unapatsa Afalansa *auberge* ndi Ataliyana *albergo*, nyumba ya alendo. *Harbinger*, amene lero ndi chizindikiro cha zimene zikubwera, poyamba anali munthu wotsogola kukapezera asilikali kapena mfumu malo ogona. Liwu limene linkathawitsa anthu m'nyumba zawo linatha ndi kutanthauza pothawira.

Lilinso pa mapu. Hereford ndi powolokera gulu lankhondo, Harwich ndi msasa wa gulu lankhondo. Lili m'mayina a anthu amene timakhala nawo m'kalasi: Herbert ndi gulu lankhondo lowala, Harold ndi wolamulira gulu lankhondo, ndipo Walter ndi zigawo zomwezo za Harold zitatembenuzidwa. Ndiye kuti ku Stamford Bridge mafumu awiri amene anakumana, Harold ndi Harald, onse ananyamula *here* m'dzina. *Herald*, mneneri wa mfumu amene dzina lake lili pa nyuzipepala zambiri kuphatikizapo ya ku Harare, amachokera ku muzu womwewo.

Phindu lake kwa ife

Pali chinthu chimodzi chimene sindikufuna kuti nkhaniyi imveke ngati ikunena, chakuti magulu onse ndi ofanana ndipo mayina ndi mabodza okhaokha. Amonke a ku Lindisfarne anaphedwadi. Anthu anagwidwadi ukapolo n'kugulitsidwa kutsidya kwa nyanja. Mayi wa ku East Anglia amene anaona zombo zikukwera mtsinje mu 865 sankafunika katswiri womuuza kuti awa ndi adani. Liwu loti *here* linabadwa m'mantha enieni.

Vuto limayamba pamene dzina laleka kutsata ntchito n'kuyamba kutsata mtundu wa munthu. Mu 865 *here* linkanena zimene anthu akuchita. Pofika 909 linkanena kuti agogo awo anali yani, ndipo ochita zofunkhazo anali ndi dzina laulemu. Pofika 1012 linali pa msonkho wa boma. Pa magawo atatu onsewa liwu ndi lomwelo, ndipo wowerenga amene angolimasulira kuti gulu lankhondo n'kupitirira sangaone chilichonse mwa izi.

Chichewa chathu chili ndi makwerero akeake: mbava, achifwamba, zigawenga, oukira boma, omenyera ufulu, asilikali. Womasulira nkhani za kunja pa wailesi amasankha limodzi mwa mawu amenewa tsiku lililonse, nthawi zambiri mothamanga, ndipo omvera amalandira chigamulo pamodzi ndi nkhaniyo. Tikudziwanso kuti dzina limatha kutembenuka. Anthu amene ananyamuka ndi John Chilembwe mu January 1915 analembedwa m'mabuku a atsamunda ngati oukira boma, ndipo lero nkhope yake ili pa ndalama zathu, 15 January n'kukhala tsiku la tchuthi. Zimene zinachitika m'masiku amenewo sizinasinthe. Cholembera ndi chimene chinasintha manja.

Kwa ife amene tikuphunzira mbiri, malamulo, utolankhani kapena ziyankhulo, ndikuona kuti pali mafunso atatu oyenera kufunsa tikakumana ndi dzina la gulu lonyamula zida, kaya m'buku la zaka chikwi kaya pa foni m'mawa uno. Walemba ndani, ndipo amadya kwa yani? Anthuwa achita chiyani chenicheni, tikachotsa dzinalo n'kusiya aneni okha? Nanga a mbali ya wolembayo akachita zomwezo, amatchedwa chiyani? Funso lachitatuli ndi limene limagwira wolemba wa 909, chifukwa mneni wake anaulula zimene dzina linkabisa.

Mfumu Ine, ngakhale lamulo lake limaoneka loseketsa, inachita chinthu chimodzi chimene olemba a pambuyo pake analephera. Inaika muyeso poyera, woti aliyense angathe kuwerenga ndi zala n'kutsutsa ngati walakwika. Amuna 36 okalanda ng'ombe za eni anali *here*, ndipo lamulolo silinafunse kuti amayankhula chiyankhulo chanji kapena anabadwira tsidya liti la nyanja.